Kulondola ndalama m'bajeti ya chigawo ku America, kuyambira pa bilu mpaka pa lipoti la odita

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake aakulu, nyumba yake ya malamulo, gavanala wake ndi thumba lake la ndalama. Sukulu za boma, mayunivesite, misewu, ndende ndi gawo lalikulu la chithandizo cha kuchipatala cha anthu osauka zimayendera bajeti za zigawozi. Paliponse mfundo ndi imodzi: ndalama sizituluka mosungira chuma cha chigawo popanda lamulo lomwe aphungu avomereza, lonena kuti nthambi yakuti ingagwiritse ntchito ndalama zofika pakuti, zochokera m'thumba lakuti, pa ntchito yakuti, m'nthawi yakuti. Pa mapepala awo lamulo lotere limalembedwa kuti appropriation.

Nambala yomwe ili m'lamuloli si ndalama za m'manja ayi. Ndi malire a chilolezo. Tiyerekeze kuti nthambi yaloledwa $50 miliyoni. Ofesi ya bajeti ikhoza kuimasulira $46 miliyoni yokha, nthambiyo n'kugwiritsa ntchito $41 miliyoni, zotsalazo n'kubwerera m'thumba chaka chikatha, popanda aliyense wophwanya lamulo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Choncho ngati mukufuna kudziwa ngati sukulu kapena chipatala chinalandiradi zomwe andale analengeza, musalimbane ndi bajeti yonse, ndi masamba mazanamazana. Sankhani mzere umodzi, muutsate kuchokera pamene gavanala anaupempha kufikira pamene odita anauunika.

Dziwani kaye chaka chomwe mukuwerenga

M'zigawo 46 chaka cha ndalama chimayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni. Ku New York chimayamba pa 1 Epulo, ku Texas pa 1 Seputembala, ku Alabama ndi ku Michigan pa 1 Okutobala. Kawirikawiri chakacho chimadziwika ndi chaka chomwe chathera, ndiye mukaona FY2026 m'chigawo chotsata Julayi, akunena nthawi ya pa 1 Julayi 2025 kufika pa 30 Juni 2026. Boma la feduro limayamba chaka chake pa 1 Okutobala, ndipo n'chifukwa chake nambala ya thandizo yomwe Washington yalengeza sigwirizana ndendende ndi yomwe ili m'bajeti ya chigawo.

Funso lachiwiri n'lakuti bajetiyo ndi ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Aphungu a ku Texas, Montana, Nevada ndi North Dakota amakhala pa msonkhano wawo wa nthawi zonse kamodzi pa zaka ziwiri, choncho bajeti zawo n'za zaka ziwiri, ndipo zilipo zigawo zina zomwe aphungu amakumana chaka ndi chaka koma bajeti n'kukhalabe ya zaka ziwiri. Anthu ambiri amagwa m'mbuna apa: amatenga nambala ya zaka ziwiri ya ku Texas n'kuiyerekeza ndi ya chaka chimodzi ya ku Florida. M'bilu ya zaka ziwiri yang'anani ngati pali mizati iwiri ya manambala, umodzi wa chaka chilichonse.

Masiku ake amakhazikitsidwa ndi lamulo. Ku California gavanala amapereka bajeti yake pofika pa 10 Januwale, amaikonzanso pakati pa Meyi ataona mmene msonkho wa mu Epulo walowera, ndipo aphungu ayenera kuivomereza pofika pa 15 Juni. Kuchokera mu 2010, pamene ovota anavomereza Proposition 25, aphungu akadutsitsa tsikuli salandira malipiro a masiku omwe achedwawo. Nambala ya mu Januwale ndi pempho chabe. Mukailemba ngati ndalama zoperekedwa, mwalakwitsa.

Thumba lake ndi liti?

Bajeti ya chigawo si thumba limodzi. Lalikulu pa mikangano ya andale ndi General Fund, momwe mumalowa msonkho wa pa malipiro ndi msonkho wa pa malonda m'zigawo zomwe zili ndi misonkhoyi, ndipo aphungu ali ndi ufulu wochuluka poligawa. Pambali pake pali matumba apadera omwe lamulo linawamangirira ku ntchito imodzi, monga msonkho wa pa mafuta a galimoto womwe m'zigawo zambiri umapita ku misewu basi. Palinso ndalama za boma la feduro, zobwera ndi malamulo ake, ndalama za ngongole zomangira zinthu zokhalitsa, ndi matumba osungira ena monga a penshoni, omwe chigawo sichingawatenge ngati ake. Gavanala akati bajeti yakwera, funsani ngati akunena matumba onse pamodzi kapena General Fund yokha, chifukwa manambala awiriwa amatha kupita kosiyana m'chaka chimodzi.

Bilu ya ku California imaonetsa thumba pa nambala ya mzere yeniyeniyo. Mzere wolembedwa 6100-001-0001 uli ndi magawo atatu. Manambala anayi oyamba ndi nthambi, ndipo 6100 ndi dipatimenti ya maphunziro. Atatu apakati ndi mtundu wa ntchito: 001 ndi ndalama zoyendetsera nthambi yeniyeniyo, 101 kupita m'tsogolo ndi zopita ku maboma aang'ono ndi masukulu, 301 ndi zomangamanga. Anayi otsiriza ndi thumba: 0001 ndi General Fund, 0890 ndi thumba la ndalama za feduro. Ndiye nthambi imodzi imakhala ndi mizere ingapo, ndipo wofuna kudziwa ndalama zonse za pulogalamu imodzi ayenera kuphatikiza mizere yonse yomwe pulogalamuyo ikutchulidwamo.

Ku Texas kalembedwe n'kena. Bajeti imagawidwa m'mitu ikuluikulu, Article II ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu, Article III ya maphunziro, ndipo pansi pa nthambi iliyonse pali kachigawo kolembedwa Method of Financing kosonyeza matumba, kenako ntchito zake zolembedwa ndi manambala monga A.1.1. Mukaona mawu oti estimated pambali pa nambala, ndiye kuti nambalayo si malire enieni, nthambiyo ikhoza kupitirira ngati ndalama za m'thumba limenelo zalowa zambiri. Mukaona zilembo UB, ndiye kuti zotsala za chaka choyamba zaloledwa kuwolokera m'chaka chachiwiri.

Ndalama za feduro zili ndi msampha wakewake. Pa Medicaid, yomwe ndi ndondomeko yolipirira chipatala anthu opeza zochepa, boma la feduro limalipira osachepera theka la mtengo m'chigawo chilichonse, ndipo limalipira zoposa pamenepo m'zigawo zosauka. Pa gulu la akuluakulu omwe analowetsedwa ndi lamulo la zaumoyo la 2010 limalipira 90 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti aphungu akadula dola imodzi ya chigawo pa Medicaid, zipatala zimataya madola awiri kapena kuposa, ndipo pa gulu lija la 90 peresenti zimataya madola khumi. Wowerenga mzere wa General Fund wokha amaona kudula kochepa pomwe kwenikweni n'kwakukulu.

Mawu a pansi pa nambala

Apa ndi pamene pafunika kudekha. Pansi pa nambala iliyonse yaikulu pamakhala ziganizo zomanga ndalamazo, zomwe ku Texas amazitcha rider ndipo ku Florida proviso. Ziwerengeni liwu ndi liwu. Pakalembedwa shall, nthambi yakakamizidwa. Pakalembedwa may, yangololedwa, ndipo ikhoza osachita. Pakalembedwa up to nambala yakuti, ngakhale dola imodzi yokha yakwaniritsa lamulo. Mawu oti notwithstanding akukuchenjezani kuti lamulo lina lomwe lilipo kale layimitsidwa pa ndalama zimenezi, ndiye pitani mukaone lamulo lomwe latchulidwalo kuti mudziwe chomwe chachotsedwa. Nthawi zambiri chimakhala chofunika, monga lamulo loti kontrakiti ipikisanidwe.

Ziganizo zina zimaika chikhomo: ndalama sizimasulidwa mpaka nthambi itapereka lipoti ku komiti, kapena mpaka bilu ina itadutsa, kapena mpaka boma la feduro litavomereza. Lembani chikhomo chilichonse ndi tsiku lake, chifukwa ndalama zambiri zolengezedwa ndi chimwemwe zimafera pamenepa. Musaiwalenso ziganizo za kumapeto kwa bilu zomwe zimakhudza nthambi zonse nthawi imodzi. Ku Texas zili mu Article IX, ku California zili m'ndime zotchedwa control sections. Chiganizo chimodzi cha kumeneko chikhoza kudula peresenti yakuti pa mzere uliwonse, kuphatikizapo wanu, mzerewo osasintha maonekedwe.

Kukhazikitsa pulogalamu ndi kuipatsa ndalama ndi zinthu ziwiri. Aphungu akhoza kuvomereza lamulo lokongola lokhazikitsa thandizo la ana asukulu, n'kulembamo kuti lidzagwira ntchito subject to appropriation, kutanthauza pokhapokha bajeti italipatsa ndalama. Bajeti ikapanda kuikamo kanthu, pulogalamuyo ili m'buku lokha. Kuti mudziwe mtengo womwe unayembekezeka, funani kapepala kotchedwa fiscal note, komwe akatswiri a nyumba ya malamulo kapena a ofesi ya bajeti amalemba pa bilu yokhudza ndalama. Muwerenge ndi zomwe anaganizira powerengera, monga chiwerengero cha anthu odzalembetsa. Zoganizirazo zikaphonya, mtengo wonse waphonya.

Mbali inayo, pali ndalama zomwe zimatuluka popanda kuoneka m'bilu ya chaka chimenecho, chifukwa lamulo lakale linapereka chilolezo chosatha. Kubweza ngongole kumakhala kotero m'zigawo zambiri. Ku California Proposition 98 ya mu 1988 inakhazikitsa mlingo wotsikitsitsa wa ndalama za sukulu ndi makoleji aang'ono, ndipo aphungu sangautsike popanda mavoti a aphungu awiri mwa atatu alionse. Mukasowa pulogalamu yanu m'bilu ya bajeti, musafulumire kunena kuti yathetsedwa. Ifufuzeni m'malamulo okhazikika, komanso m'mabilu otsagana ndi bajeti, omwe ku California amawatcha trailer bills. Mabilu amenewa ndi omwe amasintha malamulo kuti manambala a m'bajeti atheke, ndipo zinthu zambiri zomwe sizikanadutsa pazokha zimakwera pamenepo.

Musanachoke pa mzerewo, onani ngati ndalamazo n'za kamodzi kapena za chaka ndi chaka. Ndalama za kamodzi zikalipira malipiro a antchito okhazikika, chaka chamawa pali dzenje. Zigawo zambiri zinayenera kusamala ndi zimenezi pa ndalama za American Rescue Plan ya mu 2021, ndondomeko ya boma la feduro yomwe inapereka $350 biliyoni ku zigawo ndi maboma aang'ono, ndi lamulo loti zikhale zitamangiriridwa ku ntchito pofika pa 31 Disembala 2024 ndi kugwiritsidwa ntchito pofika pa 31 Disembala 2026.

Amene angasinthe mzere wanu

Bilu imadutsa m'makomiti a bajeti a nyumba zonse ziwiri, kupatula ku Nebraska komwe nyumba ya malamulo ndi imodzi. Nyumba ziwirizo zikasiyana manambala, komiti yaing'ono ya mbali zonse imakhala pansi n'kugwirizanitsa, ndipo pepala lotuluka kumeneko ndi lomwe limavoteredwa komaliza, kawirikawiri popanda mwayi wolisintha. Choncho pangani tebulo la mizati isanu: pempho la gavanala, nambala ya nyumba yoyamba, ya nyumba yachiwiri, ya komiti yogwirizanitsa, ndi ya lamulo losainidwa. Mzere womwe sunali m'nyumba iliyonse koma watulukira pa komiti yogwirizanitsa ndi woyenera kuufunsa mafunso. Ku Florida malamulo aakulu amati bilu ya bajeti ikhale m'manja mwa aphungu maola 72 isanavoteredwe komaliza, ndipo maola amenewo ndi nthawi yanu yowerengera.

Mphamvu za aphungu zimasiyana. Ku Colorado komiti ya aphungu 6 ochokera nyumba zonse ziwiri ndi yomwe imalemba bajeti, yotchedwa Long Bill. Ku Maryland kwa zaka zoposa 100 aphungu ankangololedwa kudula zomwe gavanala wapempha pa nthambi za boma, mpaka ovota anasintha malamulo aakulu mu 2020 kuti aziwonjezera ndi kusuntha ndalama, kuyambira pa bajeti ya FY2024.

Bilu ikadutsa, gavanala ali ndi cholembera. M'zigawo 44 akhoza kufufuta mzere umodziumodzi n'kusaina zotsalazo. Ku Indiana, Nevada, New Hampshire, North Carolina, Rhode Island ndi Vermont alibe mphamvu imeneyo. Ku California akhozanso kungochepetsa nambala. Ku Wisconsin mphamvuyi n'njodabwitsa: mu 2023 gavanala Tony Evers anafufuta manambala ena ndi kamzere ka pakati pa "2024-25" kuti pawerengeke 2425, ndipo chilolezo choti masukulu azikweza ndalama ndi $325 pa mwana aliyense chaka ndi chaka chinatalika zaka 400. Khothi lalikulu la chigawocho linavomereza zimenezi mu 2025. Phunziro lake kwa wowerenga n'losavuta: bilu yomwe aphungu anavotera si lamulo. Funani buku lomaliza losainidwa pamodzi ndi kalata ya gavanala yofotokoza zomwe wafufuta, kenako muone ngati aphungu anamugonjetsa ndi voti ina, yomwe m'zigawo zambiri imafuna aphungu awiri mwa atatu alionse.

Kodi ndalama zolowa zikwanira?

Zigawo zonse kupatula Vermont zili ndi lamulo lina lake loti bajeti isapitirire ndalama zolowa, ngakhale kukhwima kwake kumasiyana. Popeza bajeti imalembedwa msonkho usanatoleredwe, zonse zimatsamira pa nambala yoyerekeza. Dziwani amene amaipanga. Ku Texas ndi Comptroller, mkulu wosankhidwa ndi ovota, yemwe amalengeza ndalama zoyembekezeka msonkhano wa aphungu ukamayamba ndipo ayenera kutsimikizira kuti bajeti yadutsayo ikukwanira m'ndalamazo. Ku Florida akatswiri a gavanala ndi a nyumba zonse ziwiri amakhala pamodzi mpaka agwirizane nambala imodzi. Komwe gavanala ali ndi nambala yake ndipo aphungu ali ndi yawo, chiyeso chokweza nambala kuti bajeti ioneke yokwanira chimakula. Njira yoyesera n'kutenga zoyerekeza za zaka zitatu kapena zisanu zapitazo n'kuziika pambali pa msonkho womwe unalowadi. Ku Colorado pali malire enanso: lamulo la TABOR la mu 1992 limaletsa ndalama za boma kukula kuposa kukwera mitengo kwa zinthu kuphatikiza kuchuluka kwa anthu, ndipo zopitirira zimabwezedwa kwa okhoma msonkho pokhapokha ovota atalola kuti boma lizisunge.

Bajeti yokwanira pa pepala imapangidwa m'njira zodziwika, ndipo mukazidziwa simuvutika kuziona. Ina ndi kusesa matumba apadera n'kuthira mu General Fund, monga chigawo cha Kansas chinachitira ndi thumba la misewu msonkho utadulidwa mu 2012. Ina ndi kukankhira malipiro a mu Juni ku Julayi kuti agwere m'chaka china, zomwe California yachitapo kangapo ndi ndalama za masukulu. Ina ndi kugulitsa katundu: mu 2010 Arizona inagulitsa nyumba za boma, kuphatikizapo zomwe aphungu amakumaniramo, n'kuyamba kuzichita lendi. Ndipo yofala kwambiri, yomwenso imabisika bwino, ndi kuthira m'thumba la penshoni ndalama zochepera zomwe akatswiri owerengera anena. Chaka chimenecho palibe wopuma ntchito amene amaphonya malipiro ake, ndiye palibe wodandaula, koma ngongole ikukula.

Onaninso thumba losungira pa nthawi ya mavuto, ndi lamulo lotsegulira thumbalo. La ku Texas linakhazikitsidwa ndi ovota mu 1988 ndipo limadzazidwa ndi msonkho wa pa mafuta ndi gasi wokumbidwa pansi. Ku Alaska kutapa mu Constitutional Budget Reserve kumafuna, nthawi zambiri, aphungu atatu mwa anayi alionse m'nyumba iliyonse, zomwe zimapatsa kagulu kochepa mphamvu yaikulu pa zokambirana.

Bajeti ikachedwa, zotsatira zake zimadalira chigawo. Ku Wisconsin ndalama zimapitirira kutuluka pa mlingo wa chaka chatha. Ku Minnesota mu Julayi 2011 ntchito zambiri za boma zinaima kwa masabata pafupifupi atatu. Ku Illinois kunalibe bajeti yathunthu kuyambira Julayi 2015 mpaka Julayi 2017. Ndalama zambiri zinkatulukabe chifukwa cha zigamulo za makhothi ndi zilolezo zosatha, koma mayunivesite ndi mabungwe othandiza anthu anavutika, ndipo ngongole zomwe boma linali lisanalipire zinapitirira $14 biliyoni.

Lamulo likasainidwa

Tsopano mzere wanu wachoka kwa aphungu wapita ku ofesi ya bajeti ya gavanala. M'zigawo zambiri ofesiyi simasulira nthambi ndalama zonse pakamodzi, imazigawa mwezi ndi mwezi kapena pa miyezi itatu iliyonse. Msonkho ukalowa wochepa, gavanala m'zigawo zambiri ali ndi mphamvu yogwira gawo lina la ndalamazo pakati pa chaka, mpaka mlingo womwe lamulo limulola asanabwerere kwa aphungu.

Nthambi ikasaina kontrakiti kapena ikaitanitsa katundu, ndalama za mtengo umenewo zimamangidwa, ndipo m'mabuku zimalembedwa kuti encumbrance. Sizinatuluke, koma sizingapitenso kwina. Zimatuluka katundu akabwera ndipo invoisi yavomerezedwa. Pa lipoti la nthambi mupeza manambala anayi: zololedwa, zomangidwa, zolipidwa, zotsala. Kuphatikiza zomangidwa ndi zolipidwa n'kunena kuti ntchito yachitika ndi kulakwitsa, chifukwa kontrakiti ikhoza kusainidwa pa 29 Juni pofuna kungoti ndalama zisabwerere m'thumba. Makontrakiti akachulukana m'masabata awiri omaliza a chaka, aoneni bwino. Ku California ndalama zoyendetsera nthambi zimakhala ndi chaka chimodzi chozimanga ndi zaka ziwiri zolipirira zomangidwazo, kenako zotsala zimabwerera m'thumba lomwe zinachokera, pokhapokha aphungu atazilolanso m'bajeti yotsatira. Ndalama zololedwanso zotere zimaoneka m'bajeti ziwiri zotsatizana, ndiye samalani kuti musaziwerenge kawiri.

Pakati pa chaka nambala imasinthanso m'njira ziwiri. Nthambi zimaloledwa kusuntha ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina mpaka peresenti yomwe lamulo laika, ndipo zopitirira pamenepo zimafuna chilolezo cha komiti. Ku Texas, aphungu akakhala kuti sali pa msonkhano, gavanala ndi Legislative Budget Board, komiti ya bajeti ya nyumba zonse ziwiri, akagwirizana akhoza kusuntha ndalama. Njira yachiwiri ndi bilu yowonjezera, yomwe imadzaza mizere yomwe yaperewera. Pulogalamu ikamapempha zowonjezera chaka chilichonse, nthawi zambiri ndiye kuti aphungu amaiika nambala yochepa dala kuti bajeti ioneke yokwanira pa tsiku losaina.

N'chifukwa chake mawu oti "adula" kapena "awonjezera" alibe tanthauzo musanafunse kuti poyerekeza ndi chiyani. Mzere wa $100 miliyoni womwe unawonjezeredwa $10 miliyoni pakati pa chaka, chaka chino n'kupatsidwa $105 miliyoni, wakwera poyerekeza ndi lamulo la chaka chatha, watsika poyerekeza ndi zomwe zinagwiritsidwadi ntchito. Mbali zonse ziwiri za ndale zinena zoona, iliyonse ndi nambala yake. Inu yerekezani ndi zomwe zinalipidwadi, muchotsepo za kamodzi, kenako mugawe ndi chiwerengero cha ana asukulu, akaidi kapena odwala omwe mzerewo ukutumikira.

Komwe mungapeze umboni

Poyambira pabwino ndi ofesi ya akatswiri a nyumba ya malamulo osakhala a chipani. Ku California ndi Legislative Analyst's Office, yomwe inayamba mu 1941, ku Virginia kuli JLARC, ku Florida kuli OPPAGA. Malipoti awo ali pa intaneti kwaulere ndipo amalembedwa kuti phungu wosadziwa za maakaunti amve. Zigawo zambiri zilinso ndi tsamba losonyeza malipiro amodziamodzi, monga Ohio Checkbook, komwe mungafufuze ndi dzina la nthambi kapena la kampani yolandira.

Chaka chikatha kumatuluka lipoti lalikulu la chuma, ACFR, lolembedwa motsata malamulo a GASB, bungwe lomwe limaika malamulo a kalembedwe ka maakaunti a zigawo ndi maboma aang'ono. Pitani molunjika ku tebulo loyerekeza bajeti, lomwe limaika pamodzi bajeti yoyamba, bajeti yomaliza itasinthidwa, ndi zomwe zinachitikadi. Musadabwe manambala ake akasiyana ndi a m'masamba ena a lipoti lomwelo. Bajeti imawerengedwa motsata lamulo la chigawo, pomwe masamba enawo amawerenga ngongole pa nthawi yomwe yapangika ngakhale isanalipidwe, ndipo pamakhala kachigawo kogwirizanitsa ziwirizo. M'kachigawo kameneko ndi m'mene malipiro okankhidwira ku Julayi aja amaonekera. Kalata ya odita ya koyambirira ikanena kuti mabuku ali bwino, ikungotanthauza kuti manambala akuonetsa zoona. Sikunena kuti ndalama zinagwira ntchito yanzeru.

Pa ndalama za feduro pali kauniuni wina, wochokera m'lamulo la Single Audit Act la 1984. Boma kapena bungwe lililonse logwiritsa ntchito ndalama za feduro zofika $1 miliyoni pa chaka liyenera kuunikidwa, ndipo mlingowu unali $750,000 usanakwezedwe mu Okutobala 2024. Lipoti liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 9 chaka chitatha, ndipo limapezeka pa tsamba la pa intaneti la Federal Audit Clearinghouse. Pulogalamu iliyonse ili ndi nambala yake, Medicaid ndi 93.778, thandizo la mabanja osauka la TANF ndi 93.558, ndiye fufuzani ndi nambalayo. Werengani ndalama zomwe odita wazikayikira, yankho la nthambi, ndi ndandanda ya zolakwika za zaka zam'mbuyo. Cholakwika chomwe chabwerezedwa zaka zitatu, nthambi n'kumalonjeza zofanana chaka chilichonse, n'choopsa kuposa chachikulu chomwe chachitika kamodzi n'kukonzedwa.

Nkhani ya ku Mississippi ikusonyeza chifukwa chake simuyenera kuima pa nthambi. Mu 2020 odita wa chigawocho, Shad White, anakayikira ndalama pafupifupi $94 miliyoni za dipatimenti yosamalira anthu, zambiri mwa izo za TANF. Ndalamazo zinkachoka ku dipatimenti kupita ku mabungwe omwe si aboma, ndipo kumeneko zina zinakathera pa zinthu zosakhudza osauka, monga bwalo la volebo pa yunivesite. Pa lipoti la bajeti mzerewo unkaoneka kuti wagwiritsidwa ntchito. Choncho mzere wanu ukakhala wa ndalama zopatsira mabungwe ena, pemphani mndandanda wa olandira, mapangano omwe anasaina ndi malipoti omwe dipatimenti inalemba itawayendera.

Chigawo chilichonse chili ndi lamulo lopatsa anthu mwayi woona zikalata za boma, ngakhale zochepa, monga Virginia ndi Tennessee, zimapereka ufuluwu kwa nzika za m'chigawomo zokha. Polemba pempho musafunse funso, chifukwa lamulo limakakamiza ofesi kupereka zikalata zomwe zilipo, osati kukuyankhani kapena kukulemberani lipoti latsopano. Tchulani nambala ya mzere, thumba, chaka cha ndalama ndi mtundu wa chikalata: ndandanda ya kumasulidwa kwa ndalama, makontrakiti, mainvoisi, makalata osunthira ndalama. Pemphani kuti akupatseni m'mafayilo a pa kompyuta omwe mungawerengetsere, osati zithunzi za mapepala, ndipo muwauze kuti akudziwitseni mtengo wake asanayambe kukopera.